Sabata Imene Ndinakonza Ampulifaya ya Malume

Lolemba

Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, malume a Yotamu ananditengera ku esiteti ina kupitirira Lukwa, komwe ankakaimba fodya akatha kugulitsidwa. Matenanti ankavina pabwalo la pakati pa zigafa. Ine sindinavine. Ndinakhala kuseri kwa bokosi lakuda lomwe gitala yawo inkatulutsiramo mawu, kuyang'ana timabotolo tinayi tikuyaka mofiirira ngati makala a m'mbaula. Ndinkaganiza kuti nyimbo zimaphikidwa mmenemo. Ndinakhudza kamodzi. Chala chinatupa masiku atatu. Malume anangoti, "Waipatsa moni, yakuyankha."

Lero bokosi lomwelo lili patebulo langa, m'nyumba ya aphunzitsi kuno kusukulu. Ndikulemba pa mapepala otsala a mayeso, kuti ntchito iyende mwadongosolo.

Malume anamwalira chaka chatha. Loweruka tikuvundukula chiliza chawo. Lamulungu akazi awo, azakhali a Esitere, asudzulidwa, abwerere kwawo ku Phalombe. Anabwera kuno ali mtsikana, makolo awo ali matenanti, n'kukhala chitengwa zaka zonsezi. Ana sanakhale nawo. Katundu anagawidwa kale. Ine, mwana wa mlongo wawo wa malume, ndinapatsidwa ampulifaya. Palibe amene anailimbirana.

Yabwera pangolo kuchokera m'chigafa momwe yakhala ikugona. Woyendetsa ngolo ndi a Namakhwa, mkulu amene ankaimba gitala yachiwiri ndi malume. Azakhali amayenda pambuyo, ngati akuperekeza wodwala.

"Aphunzitsi, chinthuchi n'chanu, sindikulanda," atero azakhali. "Ndingoimva kamodzi Loweruka, mmene inkalirira muja, basi ndizipita."

Ndayankha kuti imeneyo ndi ntchito yaing'ono. Sindikudziwa amene wayankhula m'kamwa mwangamo. Digiri ya sayansi ndili nayo, inde. Za magetsi ndimaphunzitsa chaka ndi chaka, koma pabolodi, ndi choko. Ampulifaya sindinatsegulepo.

Magetsi anali atazima. Azakhali adikira pakhonde ola lathunthu, kenako anyamuka kukayamba za thobwa. Asanafike n'komwe pamjigo, magetsi ayaka.

Talumikiza. Poyamba zii. Timabotolo tafiira pang'onopang'ono. Kenako fungo: fodya wouma, fumbi lotentha, ndi china chake chofanana ndi jekete la malume. Tsitsi la m'khosi laimirira. Kenako kung'ung'uza kwapansipansi, kosalekeza, kumene umakumva m'mano usanakumve m'makutu.

A Namakhwa akhudza nsambo.

Ndilembe bwinobwino mmene ikulirira, kuti ndidziwe zoti ndikonze. Mawu ndi osasa, ngati a munthu wamkulu amene wangodzuka kumene ndipo sanamwe madzi. Nsambo yaikulu ikalira, mkati mumanjenjemera kanthu ngati nthanga zouma m'chikho. Mawu apamwamba amachedwa kutuluka, amayamba akayika kaye, kenako n'kubwera onse pamodzi, n'kusweka kumapeto. Akasiya nsambo, mawu sakutha msanga. Amatsika, n'kutsika, n'kukalowa m'kung'ung'uza kuja, ndipo sudziwa pamene athera. Galu wa ahedi, amene amauwa ngakhale mthunzi wake, wagona pakhomo chete.

A Namakhwa aimba nyimbo zitatu, misozi ikuyenderera m'ndevu. Ndawamvera chisoni. N'zowawa kuona chida chabwino chitawonongeka chonchi.

"Musadandaule, madala," ndawauza. "Pofika Loweruka ikhala ikulira bwino."

Andiyang'ana nthawi yaitali. Amanga ng'ombe zawo n'kumapita.

Ndaganiza zotuma munthu kukaitana azakhali. Ndasiya. Adzaimve itakonzeka, osati ili ndi chifuwa chonchi. Ndaganizanso zojambula mawuwo pafoni. Ndasiya. Phokoso amalijambuliranji?

Dongosolo:
Lachiwiri, kutsegula ndi kuyeretsa.
Lachitatu, kukafuna zipangizo ku Boma.
Lachinayi, kuchotsa kung'ung'uza ndi kusasa konse.
Lachisanu, kupuma.
Loweruka, anthu adabwe!

Lachiwiri

Sukulu ili patchuthi. Palibe mwana, palibe belu. Mphepo yokha ikungomenyetsa chitseko cha kalasi ina, ndipo kunja minda ili mbee mpaka kumapeto kwa maso, mapesi a fodya ataima mizeremizere ngati anthu odikira kuitanidwa maina.

Ndatsegula kumbuyo. Zomwe ndapezamo:

timanyumba tadothi ta mavu, tisanu ndi tiwiri, tiwiri titakakamira papepala la sipika penipeni;
fumbi la fodya lodzaza kapu;
msomali pamalo pa fyuzi (msomali!);
botolo limodzi lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga;
chitini cha mafuta ophikira, chodulidwa pakati, chovindikira kabotolo kakang'ono;
chigamba cha chiguduli chomatidwa ndi ulimbo pomwe pepala la sipika linang'ambika;
khungu lofundula la njoka. Mwini wake sindinamuone. Ndamufunafuna ndi lula.

Malume, malume. Munkakhala bwanji ndi moyo?

Ndalemba zimenezo kenako ndakumbukira.

Ndachotsa zonse, chimodzichimodzi, ndi kaburashi ka mano. Ndaika m'beseni pakhonde. Pong'ambika ndamata kapepala koyera ndi guluu wa muofesi. Mkati tsopano mukuoneka ngati chithunzi cha m'buku. Ndadzimva kuti ndine munthu wophunzira.

Kwa mphindi pafupifupi khumi.

Kenako ndalowetsa dzanja kuti ndiwongole waya, ndipo chinthuchi chandimenya. Ndapezeka ndili pansi, mpando uli pamwamba panga, m'kamwa mukukoma ndalama yachitsulo. Pulagi inali pansi, kutali ndi khoma. Ndinaizula ndekha ola lapitalo.

Chifukwa ndikuchidziwa. Mkatimo muli makapasita, timigolo tosunga magetsi, ndipo timasunga ngakhale wazimitsa. Ndimaphunzitsa zimenezi mu Fomu 4. Ana amalemba, ine ndimachonga.

Komabe lero sindilowetsamonso dzanja.

Chinanso. Madzulo ndabwezera kaye msomali pamalo pa fyuzi, ndayesa kuimba ndekha pa gitala yanga yakale, makodi atatu amene ndimadziwa, kenako ndazula pulagi nsambo zikulirabe. Siinasiye. Yapitiriza kulira yokha, pulagi ili m'dzanja langa, mawu akuchepa pang'onopang'ono, ndipo pomaliza yatulutsa kampweya, fuu, ngati munthu wotula katundu.

Makapasita. Ndalemba pamwambapa kale. Makapasita.

Ndaitembenuza kuti iyang'ane kukhoma. Palibe chifukwa cha sayansi.

Lachitatu

Ku Boma pa minibasi, pakati pa thumba la mtedza ndi mayi wonyamula nkhuku ziwiri. Makapasita akale ndawadula, ndawasiya m'beseni muja, ndangojambula manambala ake.

Anyamata okonza mafoni apatsirana chithunzi cha ampulifaya akuseka. "Bigi, ichi chimaphika tiyi?" Wina akuti ndigule kasipika kolumikiza kufoni, nkhani ithe.

Andilozera kuseri kwa msika, kwa mkulu wina wokonza mawailesi, wa diso limodzi loyera. Wakhala pakati pa ma TV akufa ounjikana mpaka kudenga. Sanaseke. Watsegula TV imodzi ndi mpeni n'kundizulira zimene ndimafuna. Kenako wayang'anitsitsa chithunzi chomwe ndinajambula ndisanayeretse.

"Chitini ichi anaikapo ndani?"

"Malume anga."

"Alipo?"

"Anatisiya."

"Ndiye musachichotse. Mulibe womufunsa."

Ndavomera ndi mutu. Sindinamuuze kuti chili kale m'beseni.

Pofika kunyumba magetsi alipo. Ndawotcherera makapasita atsopano, ndadzitentha zala kawiri, ndaika fyuzi yeniyeni. Ndayatsa.

Kung'ung'uza kwatha!

Kwatheratu! Timabotolo tikuyaka, m'nyumba muli bata ngati m'tchalitchi Lachiwiri. Ndaimirira pakati pa chipinda manja m'chiuno. Ndikanakonda ahedi akanakhalapo.

Mumtima mwa bata limenelo ndi momwe ndamva munthu akulankhula.

Mwamuna. Kutali kwambiri, ngati ali pansi pa chitsime. Sakufulumira. Akutchula dzina, kenako mudzi, kenako mfumu. Dzina lina, mudzi wina. Ndaika khutu pasipika. Ndi mauthenga a maliro.

Ndatsitsa voliyumu mpaka pansi. Akulankhulabe.

Chifukwa ndikuchidziwa. Waya wa gitala ndi wautali, ukugwira mafunde a wailesi ngati mlongoti. Ndazula wayawo. Akulankhulabe, motsitsa, ngati wazindikira kuti ndikumvetsera.

Ndatenga wailesi yanga ya mabatire, ndazungulira masiteshoni onse. Nyimbo za uzimu, mpira, malonda a feteleza. Munthu ameneyu palibe.

Pamenepo n'kuti amayi anga ataima pakhomo ndi lichero la mbatata. Sindinawamve akubwera.

"Akulankhulayo ndani?"

"Ndi wailesi, amayi."

"Wailesi si iyo ili m'manja mwanu, yozimitsa?"

Ndayamba kufotokoza za mafunde. Andisiya ndifotokoze mpaka ndamaliza, monga amachitira kuyambira ndili ku yunivesite. Kenako akuti katundu yense wa achimwene awo anawazidwa madzi a mankhwala asanagawidwe: njinga, makasu, ngakhale nsapato. Bokosi ili lokha linaiwalika chifukwa linali m'chigafa.

Ndawakumbutsa kuti iwo amaimba kwaya. Akuti pemphero ndi mankhwala sizinayambanepo m'nyumba mwawo.

Ndawaletsa. Ndanena momveka bwino: madzi ndi magetsi, ayi. Akuti amva.

Potuluka ndawamva akusuntha china chake pakhonde. Sindinalabadire. Ndinali kumvetsera maina. Palibe limene ndikulidziwa. Sindikudziwa chifukwa chimene ndimadikira kuti limveke.

Lachinayi

Munthu uja lero m'mawa kulibe. A Namakhwa afika ndi gitala itakulungidwa m'chitenje. Ndawakhazika pampando wabwino. Ndayatsa. Ndapinda manja.

Aimba.

Mawu oyera ngati madzi a pamjigo. Nsambo iliyonse payokhapayokha. Palibe chonjenjemera, palibe chosasa, palibe chochedwa. Ndikulumbira, ikulira ngati yangotuluka m'sitolo.

Aimba theka la nyimbo, asiya.

"Ikulira bwino, aphunzitsi. Ndi ya ndani?"

Ndaseka. Iwo sanaseke.

"Awa si a Yotamu. A Yotamu anali muja Lolemba. Ndendende. Mwawapititsa kuti?"

Ndawafunsa kuti nanga Lolemba ankaliriranji. Akuti, "Inu mnzanu wakumanda atakulankhulani masana dzuwa likuswa mtengo, mungaseke?"

Ndakhala pansi.

Mmene inkalirira muja. Azakhali ananena momveka. Ndinalemba ndekha, ndi dzanja langa, patsamba loyamba. Ine ndinamva kuti akufuna ilire bwino. Iwo sananene kuti bwino.

Ndathamangira pakhonde. Beseni lilipo, lotsukidwa, lovundikiridwa. Mulibe kanthu.

Kumudzi, wapansi, mothamanga. Amayi akupeta chimanga cha Loweruka. Akuti zinthu za womwalira sizigona pakhonde ngati nyenyeswa, anakazitentha kudzala dzulo lomwe. "Ndipo timigolo tanu tija taphulika katatu ngati mfuti. Ndiye muziti mulibe kanthu mmenemo."

Ndafukula phulusa ndi kamtengo, atsikana otunga madzi akundionerera. Ndapeza msomali ndi chitini, zonse zakuda bii. Zina zonse ndi phulusa.

Dongosolo latsopano: kuiwononga. Mwadongosolo.

Choyamba, chiguduli. Ndadula chigamba pa belo lakale la fodya, ndamata. Ikulira ngati chule m'ndowa. A Namakhwa: "Iyayi."

Chachiwiri, mphira. Ndamanga botolo lomwe lija. Kununkha kokha. "Iyayi."

Chachitatu, msomali. Ndabwezera. Palibe chasintha, kupatula kuti tsopano nyumba ikhoza kupsa.

Chachinayi, fumbi. Ndakakolola m'chigafa, ndawaza. Tayetsemula tonse awiri. "Iyayi."

Chachisanu, timanyumba ta mavu. Ndafunafuna m'makalasi onse, ndapeza tiwiri, taphwanyika pochotsa. Ndiye ndakatapa dothi pachulu, ndakanda ndi malovu, ndaumba ndekha. Munthu wa digiri, kuumba nyumba ya mavu ndi chotokosera m'mano! Ndamata pasipika. Tagwa pa nsambo yoyamba.

A Namakhwa akuti mavu aja anamanga m'chaka cha njala, ndipo a Yotamu anakana kuwachotsa chifukwa mawu anakoma kuyambira pamenepo. Chiguduli chinabwera pambuyo, ngolo itagubuduzika. Mphira sakumbuka. "Zinthu zimenezi sizinabwere tsiku limodzi, aphunzitsi. Inu mwazichotsa tsiku limodzi."

Chitini ndabwezera pa kabotolo kake. Madzulo ndayatsa ndili ndekha, ndadikira munthu wa maina uja. Sanabwere. Ndiye chitinicho ntchito yake inali imeneyo: kumutsekera kunja. Malume ankamudziwa.

Sayansi yake ndi yosavuta, chitsulo chimatchinga mafunde. Koma chimene chikundivuta ndi chakuti malume anamumvapo, tsiku lina, ali okha, ndipo sanauze munthu. Anangodula chitini.

Lachisanu

Linali tsiku lopuma.

M'mawa amuna tonse kumanda, kulambula njira ndi kumaliza kupaka chiliza. Kiyi ndasiyira a Namakhwa kuti aziyeserera nyimbo. Mumsitu wa kumanda mulibe mphepo, ngakhale kunja kukuwomba. Anthu amalankhula motsitsa popanda wowauza. Dzina la malume pa simenti yonyowa likuoneka lachilendo, ngati la munthu wina.

Pobwerera ndakumana ndi azakhali, mtolo wa nkhuni pamutu.

"Ntchito ikuyenda, aphunzitsi?"

"Ikuyenda."

"A Namakhwa akungondizemba masiku ano. Kaya ndawalakwira chiyani."

Ndati mwina ndi kutanganidwa. Andithokoza chifukwa cha kudzipereka kwanga. Andithokoza mpaka kuwomba m'manja, nkhuni zili pamutu.

Kunyumba, pansi panyowa. M'chipinda mukununkha dothi lofukulidwa kumene.

A Namakhwa akhala pampando, kapu ili m'manja, nkhope ili ngati ya munthu amene wathyola khasu lobwereka. Akuti akumbukira chinsinsi. Nyengo youma ngati ino, a Yotamu asanaimbe ankamwa madzi n'kupemerera papepala la sipika, monga timachitira ndi fodya akauma kwambiri kuti asafumbutuke pomusankha. "Pepala ndi tsamba basi. Likafewa limamvera." Akuti apemerera katatu kokha.

Katatu sikunganyowetse simenti chonchi.

Kuseri kwa chitseko ndapeza kanthambi ka masamba konyowa, ndi timizu pansi. Amayi. Anabwera a Namakhwa atapita kukamwetsa ng'ombe. Iwo sanawaze katatu. Akuti chinthu chakhala chaka chathunthu osasamba, ndiye anaonetsetsa.

Tsopano akulozana zala pakhonde langa.

"Madzi anga ndi a mankhwala, sawononga chinthu. Ndi malovu anuwo."

"Mayi, ine ndapemerera fodya zaka makumi anayi, sindinawoletsepo tsamba."

Pepala la sipika lili ngati masamba a nkhwani owiritsa. Ndaika padzuwa. Lauma, lakwinyika, ndipo cha m'ma 3 koloko lang'ambika lokha kuzungulira konse, ine ndikuona, popanda wolikhudza. Linamveka ngati munthu akung'amba nsalu m'chipinda china.

Sipika yafa.

Ndakabwereka chimkuzamawu cha kutchalitchi, chachitsulo chija chooneka ngati duwa la dzungu, cholengezera misonkhano. Ndawerengera papepala. Sichigwirizana ndi ampulifaya imeneyi, timabotolo tizigwira ntchito mopitirira mphamvu yake. Kwa nthawi yochepa tikhoza kupirira.

Kodi ndikawauze azakhali lero? Ndavala nsapato. Ndafika pamjigo. Kuchokera pamenepo ndimawaona ali pabwalo, akuchapa chitenje choti avale mawa. Ndabwerera.

Loweruka

Ngolo, jenereta yobwereka, waya wautali wolowa mumsitu. Msewu wa kumanda ndi wa mabampu. Ndayenda pambali pa ngolo ndikugwirizira bokosi ngati mutu wa wodwala.

Anthu ambiri. Achibale a ku Njombwa, matenanti akale amene ankavina nyimbo za malume, amayi a mumpingo atavala zoyera. Chiliza chafundidwa nsalu. Azakhali akhala pamphasa kutsogolo, msana uli chilili, manja pamiyendo. Sanayang'ane chiliza. Akuyang'ana bokosi.

Pemphero. Nyimbo ya m'buku. Nsalu yachotsedwa. Mkulu wa mpingo akuti, "Tsopano timve chida cha malemu, chimene mwana wathu wophunzira watikonzera." Ena awomba m'manja. Ndikanakonda asakanatero.

Ndayatsa. Timabotolo tafiira.

A Namakhwa atseka maso, akhudza nsambo.

Mawu ake ngati munthu akudula lata ndi chikwanje. Mileme yatuluka m'mitengo yonse nthawi imodzi, masanasana, n'kuzungulira pamwamba pathu. Khanda lalira. A Namakhwa apitiriza, ndi munthu wolimba mtima. Azakhali sanaphethire.

Kenako, pakati pa nyimbo, munthu uja.

Osati pansi pa chitsime tsopano. Pa chimkuzamawu cha tchalitchi, mokweza, momveka mpaka kumidzi. Dzina. Mudzi. Mfumu. Dzina lina. Modekha, mosafulumira, pakati pa manda.

Ndasuzumira kumbuyo. Chitini kulibe. Chagwa m'njira.

Oyamba kuthawa ndi adzukulu, anthu amene amakumba manda osaopa kanthu. Amayi a zoyera abwerera chafutambuyo akugwirana. Mkulu wa mpingo wayamba kupemphera mokuwa, munthu uja akupitiriza maina ake, onse awiri nthawi imodzi, ndipo sindinganene kuti mkulu wa mpingo ndi amene amapambana. Mayi wina wakuwa kuti wamva dzina la mudzi wa kwawo. Amayi anga akundiyang'ana ndi nkhope yoti ndinanena.

Ndazula pulagi. Watchula maina ena awiri.

Kenako botolo limodzi lawala mobiriwira, phwa! Galasi lachita mbuu mkati. Kautsi kakwera mowongoka, popeza mulibe mphepo.

Zii.

Otsala pamanda: ine, a Namakhwa, mkulu wa mpingo atagwada, ndi azakhali. Azakhali adzuka, akutumula chitenje, ayang'ana chiliza kwa nthawi yoyamba. Apita.

Pachakudya anthu abwerera onse, ngakhale adzukulu. Nkhani yakula kale: ena akuti anamva maina awo enieni. Palibe amene wakhala pafupi nane. Ndafotokozera mlamu wanga za mafunde ndi chitini. Wasuntha mbale yake.

A Namakhwa apatsidwa chikho, kenako chachiwiri. Pachachitatu ndawamva kuchokera kutsidya la bwalo: "Inu simukudziwa! Lolemba a Yotamu anabwera! Nyimbo zitatu! Ndinali nawo ine ndi aphunzitsi, awiriwiri!"

Azakhali anali pambuyo pawo penipeni, akugawa thobwa. Chikho chaima m'mwamba.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Chimkuzamawu ndatumiza pangolo.

Mwambo wosudzula azakhali wachitika anthu ataweruka kutchalitchiko. Ndinaima kumbuyo. Akuluakulu anena mawu awo, kuti azakhali anatisungira m'bale wathu bwino, kuti ndi omasuka, kuti pakhomo pano ndi pawo nthawi iliyonse. Aliyense akudziwa kuti ku Phalombe ndi kutali. Katundu wawo ndi chikwama chimodzi, ndowa, ndi mphasa.

Ndabwerera kusukulu. Ndakhala ndi bokosi. Silikununkhanso kanthu, koma waya wopsa.

Odi pakhomo. Azakhali. Wakabaza akuwadikira pamsewu, ndowa itamangidwa kale kumbuyo.

Ndawapatsa mpando. Akana. Ndati atenge ampulifaya, mwina ku Blantyre kuli odziwa. Akuti, "Ndinyamule maliro achiwiri, aphunzitsi? Amodzi andikwana."

Kenako: "Akuti Lolemba inalira."

"Inalira."

"Ine ndili pati?"

"Pamjigo."

Ayang'ana pazenera. Mjigo umaoneka bwinobwino kuchokera pano. Munthu atakuwa, wa pamenepo amamva.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Angofunsa kuti inalira bwanji. A Namakhwa akawafunsa amangolira, sanena chogwirika.

Ndati ndinalemba, koma ndinalemba ngati mndandanda wa zowonongeka, zoti ndikonze.

"Zowonongekazo ndi zimene ndikufuna."

Ndatenga mapepalawa. Ndati ndiwapatse tsamba la Lolemba lokha, popeza enawo muli zamanyazi, muli za amayi, muli za dothi ndi malovu.

"Onse," atero. "Ndidziwenso mmene munaiphera. Ulendo ndi wautali, ndiziwerenga."

Aona kuti tsamba la lero lili ndi mutu wokha. Akuti ndimalize kaye, ntchito yosiyira panjira saikonda. Ndiye ndikulemba, iwo ataima pambali pa tebulo, dzanja limodzi lili pamwamba pa bokosi lozizira. Sakuwerenga. Akudikira.

Ndimafuna kulemba pepani, koma ndi mawu aafupi kwambiri, ndipo pansi patsala malo ambiri.

Wakabaza akuimba belu kachiwiri.

Ndipinda pawiri, kenako panayi, kuti akwane m'Baibulo lawo. Atambasula kale dzanja.